Majeke odziwongola okha pa kalavani ya fifth-wheel: n'chifukwa chiyani matayala akulendewera m'malere?

Funso: Ndine namwino, ndipo ndimagwira ntchito za makontirakiti a masabata 13 m'zipatala zosiyanasiyana kuno ku America. Titatopa ndi kusaka nyumba ya lendi paliponse pomwe tapita, ine ndi amuna anga tinagula kalavani yogwirapo kale ntchito ya fifth-wheel, ija mphuno yake imakolekedwa m'bodi ya pikapu, yotalika pafupifupi mamita 12, yokhala ndi majeke 6 odziwongola okha. Wotigulitsa anati n'kungodina batani basi. Koma pomwe taimika panopa, tikadina Auto Level matayala a mbali imodzi amanyamuka osagundanso pansi. Nthawi zina makinawo amaima pakatikati n'kulemba Low Voltage, chonsecho tili pa magetsi a pakampu. Ndipo ngakhale alembe kuti amaliza, chitseko cha kubafa chimatseguka chokha, madzi a m'shawa n'kumadikha pakona. Kodi makinawa anawonongeka?

Yankho: Zikomo mayi. Malinga ndi mmene mwafotokozeramu, sindikuona kuti makina anu ndi owonongeka. Mwatchula mavuto atatu ndipo lililonse lili ndi gwero lake: lina lachokera pa malo omwe mwaimikapo, lina ku batire, lina ku sensa. Koma la matayalalo ndi lomwe landidetsa nkhawa, ndipo ndikupemphani kuti mulikonze musanagonemonso usiku wina.

Makinawa amadziwa chinthu chimodzi chokha: kupendekeka. Penapake pa chasisi kapena m'kabokosi koyendetsa majeke muli sensa yomwe imamva ngati kalavani yapendekera kutsogolo, kumbuyo, kumanja kapena kumanzere. Kabokosiko kamatalikitsa jeke uyu, kufupikitsa uyo, mpaka sensa itakhutira. Basi. Sikaona ngati tayala lasiya nthaka. Sikadziwa ngati pansi pa jeke pali konkire kapena matope. Wokugulitsaniyo sananame kotheratu, batanilo limagwiradi ntchito, koma limamaliza ntchito yomwe munthu waiyamba kale ndi maso ake, matabwa ake ndi batire lamoyo.

Simunanene kuti makina anu ndi a kampani iti. Ma fifth-wheel ambiri ali ndi a kampani ya Lippert ya ku Elkhart, m'chigawo cha Indiana, dera lomwe limapanga makalavani ambiri a dziko lino. Anzathu a ku South Bend akulidziwa bwino, ndi pafupi pomwepo. Kampaniyi ili ndi Ground Control 3.0, yomwe jeke aliyense ali ndi mota yake yamagetsi, komanso Level Up, yomwe pampu imodzi imakankha oyilo kupita ku majeke onse. Palinso a Equalizer Systems ndi a Bigfoot. Mabatani ake amasiyana, koma zomwe ndinene pano zikukhudza onsewa.

Tiyambe ndi matayala. Kalavani ngati yanuyi m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamita awiri ndi theka. Malo akapendekeka ndi digiri imodzi yokha kuchoka kumanja kupita kumanzere, mbali yotsikayo imafunika kukwezedwa masentimita anayi ndi pang'ono. Madigiri atatu ndiye masentimita 13. Ndi maso, malo otere amaoneka abwinobwino. Tsono jeke akamakweza chasisi, masipuling'i amayamba atambasuka, tayala likadali pansi koma likusenza katundu wochepachepa. Masipuling'iwo akafika pothera, ekiselo imanyamuka pamodzi ndi matayala ake. Makinawo amaona kuti zonse zili bwino chifukwa pansi pa nyumba pawongoka, pamene inu mwakhala pa mitengo yachitsulo yokhayokha.

Kuopsa kwake n'kotere. Kalavani ilibe handibuleki. Mabuleki ake ndi amagetsi, amagwira pokhapokha galimoto ikatumiza mphamvu kudzera pa chingwe chija mumalumikiza kumbuyo. Mukamasula galimoto, chomwe chimaletsa nyumba yanu kugubuduka ndi zopingira matayala, ndipo chopingira chimagwira tayala lomwe lapanikizika pansi. Tayala lolendewera silingapingidwe. Komanso majeke anapangidwa kuti asenze katundu wochokera pamwamba molunjika. Akatalika kwambiri, mphepo yamphamvu ikawomba m'mbali mwa khoma lalitali lija, kapena dothi likafewa mbali imodzi, mtengo wa jeke umapindika, ndipo wopindika sabwereranso m'chimake. Mabuku a opanga makinawa amachenjeza momveka kuti musanyamule matayala kuchoka pansi, musagwiritse ntchito majekewa posintha tayala, ndiponso musalowe kunsi kwa kalavani yomwe yakhazikika pa iwo okha. Ndikugwirizana nawo kwathunthu. Ena amasolola kachingwe ka buleki yadzidzidzi kuti kalavani iime nji. Musatero, kumeneko n'kumaliza batire ndi kutenthetsa maginito a mabuleki.

Mankhwala ake ndi matabwa, ndipo amaikidwa galimoto isanamasulidwe. Mukalowetsa kalavani pamalo anu, imani pang'ono musanafike penipeni pomwe mukufuna. Lowani ndi levulo, muiike pansi mopingasa, chapakati pa nyumba. Yatsani sikirini ya makinawo ngati imaonetsa madigiri, koma levulo ya amisiri omanga ndiyo ndimaikhulupirira. Mukadziwa mbali yotsika, yalani matabwa otakata, a 2x10 omwe amapezeka m'sitolo iliyonse ya zomangira, kumbuyo kwa matayala a mbali imeneyo. Thabwa limodzi lotere limakweza pafupifupi masentimita anayi, kutanthauza digiri imodzi. Amuna anu abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono, inu mutaima pambali pomwe akukuonani pagalasi, mpaka matayala onse a mbaliyo akwere. Ndikuti onse, chifukwa ma ekiselo awiri aja amagawana katundu, ndipo kukweza tayala limodzi lokha kumalemetsa linzake. Yang'anitsitsaninso kuti mphira yonse yakhala pa thabwa, osati theka lili kunja likulendewera, poti zimenezo zimapweteka mawaya a m'kati mwa tayala. Pali zokwezera zapulasitiki zokhota ngati mwezi watsopano, monga za Andersen, zomwe zimakweza pang'onopang'ono pamene tayala likukwera. N'zabwino, bola zikwane pakati pa matayala anu awiriwo.

Simukufunika kuti kamadzi ka mu levulo kafike pakati penipeni. Kakangotsala pang'ono, zotsalazo makina amaliza popanda kuchotsa katundu pa matayala. Kenako pingani matayala mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala.

Kupendekeka kwa kutsogolo ndi kumbuyo nako kuli ndi masamu ake, ndipo ndi aakulu kuposa a m'mbali. Pa mamita 12, digiri imodzi ndi masentimita 21. Mphuno ya kalavani ikayang'ana kumtsetse, miyendo yakutsogolo, kutanthauza majeke akutsogolo, imatalika mpaka kuthera, sikirini n'kulemba Out of Stroke. Apa muunjike matabwa olimba pansi pa miyendoyo musanamasule. Mphuno ikayang'ana kumtunda, vuto limatembenuka: miyendo imafupika mpaka kumapeto koma kutsogolo kukadali m'mwamba, ndiye makinawo amayamba kukweza kumbuyo, ndipo apanso matayala amanyamuka. Pamalo otere pansi pa miyendo yakutsogolo muike kanthu kopyapyala chabe, ndipo ngati miyendo yanu ili ndi timiyendo tam'kati togwetsa ndi pini, musatigwetse kwambiri. Malo ena ndi oipa kotero kuti palibe chomwe mungachite. Makinawo amalemba Excess Angle n'kukana. Pemphani malo ena ku ofesi ya kampu. Munthu wokhala miyezi itatu ali ndi chifukwa chokwanira chopemphera.

Pansi pa jeke aliyense pazikhala poponda pake, kaya thabwa kaya mphira yokhuthala. Phazi la jeke ndi laling'ono poyerekeza ndi katundu amene lasenza. Pa udzu limamira mvula ikagwa, ndipo pa tala limaboola dzuwa likatentha. Kumbali yotsika muwonjezere matabwa kuti jeke asatalike kwambiri, chifukwa jeke wamfupi ndiye wolimba ndipo nyumba sigwedezeka kwambiri. Koma musaunjike mpaka kugunda phazi la jeke. Musiyireni mpata woti atsike ndi kumva kuti wafika pansi.

Pali chinthu chimodzi pa ndondomeko yomasula chomwe chawonongetsa anthu ndalama zambiri. Mukatsitsa miyendo yakutsogolo, n'kukweza mpaka kulemera kwachoka pa galimoto, n'kutsegula hitch, chokolekera chomwe chili m'bodi ya pikapu, chotsani galimoto yonse kunsi kwa kalavani musanakhudze Auto Level. Yonse, osati kungosuntha pang'ono. Chinthu choyamba chomwe makina ambiri amachita ndi kutsitsa mphuno. Bodi ya pikapu ikakhala ikadali pansi pake, chipinda chogona chomwe chili m'mphunomo chimakhala pa m'mbali mwa bodiyo n'kuiphwanya, nachonso n'kung'ambika. Musaiwalenso kutsitsa chitseko chakumbuyo kwa pikapu ndi kuchotsa chingwe cha magetsi musanayende. Pa makina a Lippert, mphuno izikhala pamwamba pang'ono kuposa kumbuyo pomwe mukudina batanilo; mukatero amasunga msinkhu womwe munamasulira, ndipo tsiku lochoka adzakubwezerani pomwepo.

Makina akayamba kuyenda, pasakhale munthu m'kati, ngakhale mwana kapena galu, ndipo wina asatsamire pa masitepe. Sensa imamva kugwedezeka kulikonse. Mudzaona makinawo akuima kaye masekondi angapo, kenako kusuntha pang'ono, kuimanso. Si kuwonongeka kumeneko, akudikira kuti nyumba ikhazikike kuti ayezenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ma slide, zipinda zotuluka m'mbali zija, pa ma fifth-wheel ambiri amatulutsidwa kalavani itawongoka kale, chifukwa chasisi yopotoka imapanikiza mafelemu awo. Opanga ena amalamula mosiyana, choncho onani buku la kalavani yanu pa mfundo imeneyi.

Tsopano za Low Voltage. Ambiri amadabwa ngati mmene mwadabwira inu: tili pa magetsi a pakampu, mphamvu ichepa bwanji? Majeke sagwiritsa ntchito magetsi a pakampu mwachindunji. Amayendera mavolti 12. Magetsi a pakampu amalowa mu converter, yomwe imawasandutsa a mavolti 12 kuti iyatse mababu ndi kutchaja batire pang'onopang'ono. Pampu ya hayidiroliki, kapena mamota angapo akamanyamula nyumba yolemera matani, amakoka mphamvu yambiri nthawi imodzi, yoposa yomwe converter ingapereke yokha. Mphamvu imeneyo imachokera m'batire. Batire lotopa limapusitsa: mukayeza converter ikugwira ntchito mupeza mavolti 13 ndi kanthu, koma amenewo ndi a converter. Zimitsani magetsi a pakampu, mulisiye batire lipume maola angapo, ndiye muyeze. Batire wamba la asidi lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6. Likaonetsa 12.1 kapena kutsikirapo, latsala ndi theka kapena kuchepera apo. Kuyeza kwabwino koposa n'kwakuti wina agwire mita pa batire pamene mnzake akutsitsa majeke. Nambala ikagwa mwadzidzidzi pampu ikangolira, batirelo latha ntchito ngakhale litatchajidwa usiku wonse.

Poti kalavani yanu munaigula yogwirapo kale ntchito, ndikukayikira batire lomwelo. Koma musanagule lina, tsegulani kachipinda kake muone mitu yake. Ufa woyera kapena wobiriwira pa mitu, nati yomasuka, kapena waya wa negetivi wochita dzimbiri pomwe wamangidwa ku chasisi, zonsezi zimabweretsa uthenga womwewo. Tsukani ndi madzi a soda wophikira ndi bulashi yawaya, mumange zolimba. Onani kuti swichi yodula batire sinadule batirelo, poti ikadula nyali zimayakabe ndi converter koma batire silitchajidwa. Ngati ndi batire lothira madzi, onani kuti madzi aphimba mapuleti, ndipo muonjezere madzi a batire okha, osati a pampopi. M'nyengo yozizira zonsezi zimakula, chifukwa batire limafooka pamene oyilo wakhuthala. Kulumikiza chingwe ku galimoto yoyaka kumathandiza pang'ono pa tsiku lovuta, koma waya wotchaja wa m'chingwe chimenecho ndi wowonda, sungalowe m'malo mwa batire labwino.

Ngati makina anu ndi amagetsi, kuzima pakatikati kuli ndi chotsatira china. Jeke aliyense amawerenga kuzungulira kwa mota yake kuti adziwe kuti watalika bwanji, ndipo mphamvu ikaduka amataya chiwerengerocho, sikirini n'kuyamba kudandaula za jeke wakutiwakuti. Pa Ground Control 3.0 njira yake ndi kutalikitsa majeke onse masentimita osachepera 15, kenako kuwabweza onse mpaka kumapeto kuti ayambirenso kuwerenga. Izi muchite kalavani itakolekedwa ku galimoto, chifukwa miyendo yakutsogolo nayo ikufupika.

Vuto lachitatu, la chitseko ndi madzi a m'shawa, ndi losavuta. Makinawa sabadwa akudziwa kuwongoka. Munthu wina, kufakitale kapena kwa wogulitsa, anawongola kalavani n'kuuza kabokosi kaja kuti apa ndiye pa ziro. Akachita mothamanga, kapena sensa ikagundidwa ndi katundu n'kusuntha, makinawo amakubwezerani ku ziro yolakwikayo tsiku lililonse mokhulupirika. Yambani mwaona ngati sensayo yamangika zolimba. Kenako ikani makina pa Manual Mode, muwongole nokha ndi levulo yaitali, moyeza pansi chapakati pa nyumba, m'litali ndi m'lifupi. Mukakhutira, sungani ziro yatsopano. Kadinidwe kake kamasiyana: pa makina ena mumazimitsa sikirini n'kudina FRONT kasanu ndi REAR kasanu, pa ena kakhumi, ndiye tsatirani buku la makina anu.

Poyeza, musadalire malo amodzi. Ikani levulo pansi, pa kauntala ya kukhitchini, ndi m'firiji. Mupeza kuti sizigwirizana ndendende, poti makalavani samangidwa molondola ngati nyumba ya njerwa. Zikhoza kuchitika kuti pansi pawongoka koma beseni la shawalo linaikidwa mopendekeka, kapena mahinji a chitsekocho ndi omwe ali ndi vuto. Muyezenso ma slide atatuluka. Khitchini yolemera ikakhala mbali imodzi, nyumba imatha kutsamira komweko pang'ono, ndipo ena amaika ziro yawo poganizira zimenezo.

Mukasemphana maganizo pa malo oti mukhulupirire, ine ndimatsata firiji, ngati ndi ya mtundu woyendera gasi ndi magetsi, monga za Dometic ndi Norcold. Firiji yotere ilibe kompuresa. Imatenthetsa amoniya wosakaniza ndi madzi, ndipo madziwo amabwerera pansi okha kudzera m'mapaipi okhotakhota kumbuyo kwake. Ikapendekeka kwambiri madziwo amadikha, chotenthetsera chimapsa mouma, ndipo mankhwala oteteza dzimbiri omwe ali m'katimo amauma n'kutseka paipi. Kuwonongeka kumeneku kumaunjikana ndipo sikubwerera m'mbuyo. Malire omwe Norcold amapereka ndi madigiri atatu m'mbali ndi 6 kutsogolo ndi kumbuyo, poyang'ana firijiyo. Tsono poti firiji nthawi zambiri imatsamira khoma la m'mbali, m'mbali mwake ndiye kutsogolo ndi kumbuyo kwa kalavani. Ndiye mukaima pamtsetse kwa nthawi, ngakhale kalavani ili yokolekedwa, izimitseni. Ngati yanu ndi firiji wamba ya m'nyumba, ya kompuresa, nkhawa imeneyi ndi yochepa.

Kugwedezeka munthu akamayenda m'kati ndi nkhani ina, majeke sakuthetsa konse. Zopanikiza pakati pa matayala awiri, zooneka ngati X, zimachepetsako. Ziikidwe kalavani itawongoka kale, zichotsedwe majeke asanasunthe, ndipo sizilowa m'malo mwa zopingira zapansi.

Poti inu mumakhala malo amodzi miyezi itatu, mitengo yonyezimira ya majeke imakhala panja nthawi yonseyo ikulandira fumbi ndi mvula. Muziipukuta ndi kansalu n'kuipopera silikoni, makamaka musanaibweze m'kati, kuti mchenga usadye masilo, timphira totchinga oyilo ndi fumbi. Mukakhala kufupi ndi nyanja ya mchere muzichita pafupipafupi. Oyilo wa pampu amayezedwa majeke onse, ndi ma slide ngati nawo ndi a hayidiroliki, atabwerera m'kati. Mukathira ali panja, adzasefukira pobwerera. Makina ambiri amagwiritsa ntchito oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, ATF, koma tsimikizani pa chizindikiro cha pathanki. Phokoso la "tho!" lomwe limamveka usiku kapena m'mamawa pa majeke a hayidiroliki kawirikawiri limabwera ndi kusintha kwa kutentha, si chizindikiro choti nyumba ikugwa. Patapita masiku awiri kapena mvula ikagwa, ikaninso levulo, chifukwa dothi limatsendereka.

Makaniko mumuitane mukaona izi: jeke mmodzi akufupika yekha masiku akamapita pamene pansi ndi polimba, oyilo akudontha pa paipi kapena pa mtengo wa jeke, pampu ikulira koma palibe chikusuntha, kapena mtengo ukuoneka wopindika. Poti matayala anu akhala akulendewera, muunikenso ndi tochi timapuleti tolumikiza masipuling'i pakati pa ma ekiselo awiri. Ekiselo ikalendewera timatha kutembenuka, ndipo mbali ziwirizo ziyenera kuoneka mofanana musanatuluke pamsewu.

Za panopa, lowetsani ma slide, bwezani majeke apakati ndi akumbuyo mpaka matayala asenzenso katundu, zopingira zili m'malo mwake, ndipo mukoleke galimoto. Mukakoleka, unikani kuti nsagwada za hitch zagwira kingpin, chitsulo chokolekera cha pansi pa mphuno ya kalavani, mozungulira ndipo chogwirira chatsekedwa ndi pini yake. Kwezani miyendo yakutsogolo pang'ono chabe, ingosiya pansi ndi masentimita awiri kapena atatu, gwirani mabuleki a kalavani ndi dzanja pa kabokosi koyendetsa mabuleki ka m'galimoto, ndipo mukoke pang'ono. Ikakhala kuti hitch sinagwire, kalavani igwera pa miyendo yake, osati pa bodi ya pikapu. Ikagwira, chotsani zopingira, sunthirani kutsogolo, yalani matabwa aja kumbali yotsika, muyambirenso. Uthenga wa Low Voltage ukabweranso batire litayezedwa ndi mitu yake itatsukidwa, ndilembereni dzina la makinawo ndi mawu enieni omwe sikirini ikuonetsa.